Lamba wa Wotchi ya Kopolo

Ayarik anatchuka chifukwa chovula wotchi. Ena amatchuka ndi mawu okoma, ena ndi mpira, koma iye ankangokwera pansanja ku Kumasi atavala chipewa chakale cha apolisi, n'kukweza mkono wamanzere pang'onopang'ono, n'kuyamba kulimbana ndi lamba wa wotchi, basi holo yonse inali itafa kale ndi phwete. Munthu amene ankamusewerayo dzina lake anali Kopolo Tikambirane, bambo wapabanja wokonda mtendere, wosamala katundu, amene asanamenye mkazi kapena mwana ankayamba wavula wotchi kuopa kuti ingasweke, kenako n'kunena mwaulemu kuti, "Tiyeni tikambirane." Madalaivala anawalemba mawu amenewa kumbuyo kwa maminibasi. Amayi ogulitsa nsomba zouma mumsika ankaopsezana nawo akamalimbirana kasitomala. Ngakhale ana amene sanavalepo wotchi chibadwire ankadziwa kumasula lamba wabodza pamkono.

Atolankhani, amene sasowa chofunsa, ankakonda kumufunsa chifukwa chimene nthabwala zake zinali zazifupi chonchi, zongoti akatsegula pakamwa n'kutseka, anthu aseka kale. Iye ankayankha kuti ndi ulesi, mawu ataliatali amamutopetsa. Limeneli linali bodza. Nthabwala za Ayarik zinali zazifupi chifukwa zinaphunzira kutha lamba asanamasuke, ndipo Kopolo weniweni anali bambo ake omubereka, a Abakisi a ku Sandema, amene anagwira upolisi zaka makumi awiri ndi zisanu osakwezedwa kupitirira ukopolo.

A Abakisi anamwalira mu Ogasiti, mapira akutulutsa ngala, ndipo anaikidwa m'manda mawa lake lomwe. Ayarik anafika manda atakwiriridwa kale, anagona usiku umodzi n'kubwerera. Maliro enieni anadikira chilimwe monga mwa nthawi zonse, anthu atakolola, chimera cha mowa wa pito chilipo, misewu itauma. Ayarik sankaopa maliro. Ankaopa amayi ake, a Awenlie.

Zaka khumi ndi ziwiri zinali zitapita chiyambire Kopolo kumveka pawailesi, ndipo amayi ake sanatchulepo ngakhale liwu limodzi za iye. Pafoni ankakamba za mvula, za nkhanga zimene zagwidwa ndi kabawi, za mawondo awo amene ankadziwa kusintha kwa nyengo kuposa a zanyengo. Koma anthu a kumudzi, amene nkhani zopweteka sazisunga, anamuuza kuti pulogalamu yake ikangoyamba pawailesi ya kwa aneba, amayi ake ankanyamula beseni n'kupita kumjigo ngakhale mitsuko itadzaza. Ayarik anamva zimenezi ndipo anadziweruza yekha: anatenga mabala a amayi ake n'kuwasandutsa choseketsa dziko lonse, ndipo amayiwo sanamukhululukire. Nkhani imeneyi inkamudya mumtima tsiku ndi tsiku. Amayi ake anali atakalamba, ndipo ankaopa kuti adzawaika m'manda akadali ndi mangawa amenewo pakati pawo, iwo akukamba za nkhanga, iye akuvomera za mvula.

Tsono panabwera nkhani ya wotsanzira malemu. Kwawoko maliro a munthu wamkulu satha popanda mmodzi mwa akazi okwatiwa pakhomopo kuvala zovala za malemu n'kukhala iyeyo: kuyenda monga ankayendera, kutsokomola monga ankatsokomolera, kukalipa monga ankakalipira, kuti anthu amuone komaliza, amuzindikire, amuseke, amulire, kenako amuperekeze. Mpongozi pakhomo la a Abakisi anali mmodzi yekha, Araba, mkazi wa Ayarik, telala wa ku Cape Coast, amene Chibuli chake, chilankhulo cha kwawo kwa mwamuna wake, chinkathera pa moni ndi kupempha madzi. Apongozi ake aamunawo Araba anawaona kawiri kokha, ndipo maulendo onse awiri anaona nkhalamba yofatsa imene inamupatsa nkhanga yonenepa n'kumuitana kuti mwana wanga. A Agalga, mng'ono wa malemu, anaimba foni n'kunena kuti palibe vuto, mkaziyo ali ndi mwayi chifukwa mphunzitsi amagona naye nyumba imodzi. Anaseka okha a Agalga pafonipo, Ayarik anangoti wamva.

Ayarik ndi Araba anafika ku Sandema kutatsala masiku awiri kuti mwambo uchitike, mphepo ya fumbi ikung'amba milomo. Amayi ake anawalandira ndi madzi a ufa wa mapira m'chikho, anamuyang'ana Araba n'kunena kuti wawonda, anamuyang'ana Ayarik n'kunena kuti wanenepa ngati wadya gawo la mkazi wake. Kenako analowa m'chipinda cha malemu n'kutulutsa malaya awo aakulu oluka, a mizere yakuda ndi yoyera, chipewa, ndodo, ndi wotchi. Zonsezi anaziika m'manja mwa Araba. Wotchi inali itaima pa teni koloko ya tsiku limene palibe ankalidziwa.

M'mawa mwake Ayarik anatenga mkazi wake kupita naye kuseri kwa mudzi, pansi pa mlambe, kuti akamuphunzitse bambo ake. Anayamba ndi mayendedwe. Phewa lamanzere linkatsika, chifuwa chinkatsogola, ndipo mwendo uliwonse unkaponda ngati nthaka yalakwa. Araba anayesa, malaya akukwekwereza pansi, chipewa chikugwera m'maso, ndipo Ayarik anamuuza kuti akuyenda ngati bakha wa pakati. Araba anayankha kuti bakha amene ali ndi mwamuna wolongolola chonchi ali ndi ufulu woyenda momwe akufunira. Anabwerezabwereza mpaka phewa linatsika lokha. Kenako anamuphunzitsa kachifuwa kamene a Abakisi ankatsokomola asanapereke moni, ndi momwe ankawerengera nkhanga zawo madzulo, kuziloza ndi ndodo imodziimodzi ngati asilikali pa pelete, n'kumakalipira yochedwa kuti mawa idzaonekera pamaso pa bwana.

Apa onse awiri anaseka, ndipo Ayarik anadabwa kuti akuwasowa pang'ono bambo akewo. Anali munthu wodziwa kulima, wodziwa kukonza njinga, woti akasangalala ankaimba mluzu nyimbo za bandi ya apolisi. Zimenezi nazonso zinali zoona, ndipo n'zimene Ayarik anafuna kuti anthu akaone. Anamuphunzitsa Araba mawu atatu anayi a Chibuli oti akawanene akafika pamaso pa amayi: awapatse moni mofatsa, awafunse ngati adya.

"Nanga wotchi?" anafunsa Araba.

"Uivale basi. Usaikhudze."

"Bambo a kunyumba, dziko lonse limawadziwa bambo anu ndi wotchi. Ine ndikavala n'kuisiya, anthu ati chiyani?"

"Anene zimene anene. Amayi akhala pamkeka pamaso pa mudzi wonse. Ndawachititsa manyazi pawailesi zaka khumi ndi ziwiri, sindiwachititsanso manyazi pakhomo pawo."

Araba anakhala pamuzu wa mlambe, anavula chipewa, n'kumuyang'ana. Ankadziwa kuti apongozi ake aamunawo ankamenya, koma mwamuna wake, amene ankatha kulankhula maola awiri pansanja, nkhani imeneyi ankaidutsa ndi mawu awiri. Tsiku limenelo anainena yonse.

Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, akukhala m'nyumba za apolisi ku Tamale, chipinda chimodzi chogawa ndi katani. Bambo ake anabwera masana kudzadya, analawa ndiwo za therere, n'kuika supuni pansi. Mchere unali wochepa, kapena wambiri, Ayarik sankakumbukanso, ndipo panalibe kusiyana. Anakweza mkono wamanzere n'kuyamba kumasula lamba. Lamba ameneyo anali wouma, ankakana kutuluka, ndipo a Abakisi ankalimbana naye ndi zikhadabo, akupuma ndi mphuno. Amayi anali ataima pakona, manja ali kumbuyo. Mwana uja anaona nkhanga ya mkazi wa Insipekita ikudutsa pakhomo, ndipo sanadziwe chimene chinamulowa. Anapinda khosi, anatukula matako, n'kuyamba kuyenda ngati nkhanga ija, akulira ngati iyo, koma nkhope atapanga ya mkazi wa Insipekita akupita kutchalitchi. Bambo ake anasiya lamba, anamuyang'ana, kenako anaseka mpaka kutsamwa. Nsonga ya lamba anaibwezera m'malo mwake, anatenga supuni, n'kupitiriza kudya.

Kuyambira tsiku limenelo Ayarik anali pantchito. Kusukulu anzake ankaphunzira masamu, iye ankaphunzira momwe aphunzitsi amakandira m'khutu ndi choko. Kutchalitchi ankaphunzira wansembe, kumsika ankaphunzira mayi wogulitsa pito ndi makasitomala ake. Zonsezi ankazisunga kuti zidzagwire ntchito mkono wamanzere ukadzakwera. Anadziwa kuti nthawi yake ndi yomwe lamba amatenga kuti amasuke, osapitirira, ndiye mawu aliwonse osafunika ankawataya. Masiku ena zinkatheka. Masiku ambiri sizinkatheka, ndipo popeza iye ndiye amakhala ataima pafupi, bambo ake ankayamba ndi iye, kenako amayi. Koma sanasiye kuyesa mpaka anachoka pakhomo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Atayamba masewero ku Kumasi anapeza kuti anthu amalipira kuti aone zomwe iye ankachita kuti apulumuke, ndipo tsiku limene anavala chipewa cha apolisi n'kusewera mwini wotchiyo, anamva kupepuka kumene anali asanakumvepo. Kupepuka kumeneko n'kumene kunkamuchititsa manyazi akaganiza za amayi ake.

Araba anamvetsera mpaka pamapeto. Anapukuta m'maso ndi malaya a malemu, kenako anazindikira chimene wachita, n'kunena kuti apongozi amukhululukire, mpango anauiwala ku Kumasi. Analonjeza kuti wotchi saikhudza.

Tsiku la mwambo ng'oma zinayamba dzuwa lisanatenthe. Anthu anadzaza bwalo, ena anakwera pamadenga a dothi, miphika ya pito inandandalikidwa pansi pa chisakasa. Panali nkhalamba zitatu zimene zinagwira upolisi limodzi ndi malemu, zitavala mamendulo pa malaya ong'ambika m'khosi. Panalinso achinyamata ochokera m'tauni amene malemu sankawadziwa n'komwe, koma anamva kuti Kopolo Tikambirane ali pamudzipo ndipo anabwera ndi mafoni m'manja. A Awenlie anakhala pamkeka pafupi ndi khomo la khola, amayi anzawo atawazungulira.

Araba atatuluka m'chipinda cha malemu, phewa litatsika, chifuwa chili patsogolo, bwalo lonse linafuula kuti a Abakisi abwera. Anatsokomola kachifuwa kaja, ndipo a Agalga anagwira pamutu n'kunena kuti ndi mkulu wawo weniweni. Analoza ana ndi ndodo mmodzimmodzi ngati nkhanga, n'kukalipira wina wamamina kuti mawa adzaonekera pamaso pa bwana, ndipo Chibuli chake chokhota chinangowonjezera phwete. Nkhalamba za mamendulo zinaimirira n'kumenya sawatcha, iye anazibwezera mwaulesi monga bwana. Amayi apabwalopo ankamuponyera timakobidi, ena akuseka, ena akupukuta misozi. Ayarik anaima pafupi ndi chisakasa, mtima ukutsika pang'onopang'ono. Zinali kuyenda momwe anafunira.

Kenako Araba anafika pamkeka wa namfedwa. Anawerama pang'ono, anapereka moni mofatsa, n'kufunsa ngati adya. A Awenlie anamuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kumapazi, kenako anatembenukira kwa mayi amene anali pambali pawo.

"Mlendo ameneyu ndi wa kwa yani?"

Anthu anaseka, poganiza kuti ndi mbali ya sewero. A Agalga anati, "Alamu, amuna anu awa, simukuwaona?"

"Ine ndinakwatiwa ndi mwamuna mmodzi, zaka makumi anayi ndi zinayi, ndipo sanandifunsepo ngati ndadya. Uyu ndi munthu wabwino, koma sindikumudziwa. Mukufuna ndiperekeze mlendo, wanga atsale m'nyumba muno?"

Phwete linatha. Woimba ng'oma anaika dzanja pachikopa. A Awenlie sanakweze mawu, analankhula ngati akufunsa mtengo wa mchere. Analoza mkono wa Araba ndi chibwano.

"Wotchi mwavala bwino. Kodi imangokhala pamkono?"

Araba sanamve mawu onse, koma chibwano anachimva. Anayang'ana mwamuna wake kutsidya kwa bwalo, ndipo Ayarik anapukusa mutu. Anayang'ananso apongozi ake, amene ankamudikira. Pakati pa awiriwa Araba anasankha apongozi, monga mkazi aliyense wanzeru akanachitira. Anawongoka, nkhope inauma, anakweza mkono wamanzere pang'onopang'ono, n'kunena mwaulemu kuti, "Tiyeni tikambirane."

Achinyamata a mafoni anayamba kuseka, koma anaona kuti amayi achikulire sakuseka, ndipo kuseka kwawo kunafera m'kamwa. Amayi amenewo anali aneba a zaka zambiri. Mawu amenewa anawamvapo kudzera pakhoma, ndipo nthawi zonse ankapitiriza kusinja. Tsopano ena anayang'ana pansi. Araba anagwira nsonga ya lamba n'kukoka, koma lamba anakana. Anakokanso, anayesa ndi chikhadabo, akupuma ndi mphuno, ndipo bwalo lonse linkangomuyang'ana akulimbana naye.

Ayarik sanaganize zoyenda. Anangopezeka ali pakati pa mkeka ndi malaya a mizere aja, khosi atapinda, matako atatukula, akulira ngati nkhanga. Bambo wa zaka makumi anayi ndi chimodzi, wa imvi m'ndevu, wodziwika dziko lonse, ankathamanga ndi mawu, mkazi wa Insipekita, wansembe, mayi wa pito, zonse pamodzi, maso ali pa lamba. Ankadziwa kuti ndi mkazi wake, ankadziwa kuti bambo ake ali m'manda chiyambire Ogasiti, koma thupi lake silinkadziwa zimenezo. Palibe anaseka, ndipo aka kanali koyamba m'zaka zambiri kuti achite nkhanga ija anthu n'kukhala chete.

Anamva dzanja louma likumugwira pamkono. Amayi ake anali ataimirira, mawondo aja akulira.

"Basi, iwe. Khala pansi. Lero si ntchito yako."

Anamukhazika pamkeka pawo ngati mwana. Kenako anapita kwa Araba, anagwira mkono wamanzere uja, anapinda lamba mwanjira ina ndi chala chachikulu, ndipo anamasuka nthawi yomweyo. Anaichotsa wotchi n'kuifumbata. Anayang'ana nkhope imene inali pansi pa chipewa, ndipo analankhula kwa amuna awo.

"A Abakisi, tsopano ndakuonani. Takambirana mokwanira. Pitani bwino, nkhanga zanu ndiziwerenga."

Mayi wina wachikulire anayamba kulira, kulira kwenikweni kochokera m'mimba, ndipo anzake anamutsatira. Ng'oma zinayambiranso. A Awenlie nawonso analira, koyamba chiyambire Ogasiti, atagwira malaya a mizere aja, ndipo Araba anaiwala kuti ndi malemu n'kuwakumbatira. A Agalga anayesa kudandaula kuti wakufa sakumbatira, koma palibe anawamvera.

Maliro atatha, alendo atabalalika, miphika ya pito itavundikirika, Araba anamupeza Ayarik masana atakhala pansi pa mlambe uja. Masiku awiri onse chichitikire mwambo uja anali akuwazemba amayi ake. Ankaona kuti wawachititsa manyazi kawiri, pawailesi ndi pabwalo, ndipo anali atauza kale mkazi wake kuti anyamuka m'mawa ndi basi yoyamba. Araba anakhala pambali pake n'kutulutsa wotchi m'thumba. Anati apongozi amupatsa kuti ndi mphatso ya ntchito imene wagwira, ndipo iye, pokhala telala, chinthu chikamuvuta kumasula pamaso pa anthu sagona mpaka atadziwa chifukwa chake.

Anamuonetsa kamphete kachikopa kamene nsonga ya lamba imalowamo. Kunsi kwake kunali timisoko tating'onoting'ono ta ulusi wakuda, tolimba, tobisika bwino, tochepetsa kamphetekako kuti lamba azidutsa movutikira.

"Uwu si msoko wa makina," anatero Araba. "Ili ndi dzanja la munthu, ndipo munthu wake amadziwa singano. Lamba ameneyu sanabadwe wouma."

Ayarik anaitembenuza wotchi ija kangapo. Anakumbukira kuti bambo ake anasintha malamba ambiri m'zaka zonsezo, akuda, ofiirira, ndipo aliyense ankatukwanidwa kuti ndi wouma, amalonda a masiku ano ndi akuba. Anaimirira n'kulowa m'mudzi.

Anawapeza amayi ake m'bwalo lamkati, atatambasula miyendo, akusenda mtedza m'lichero. Anakhala pansi patsogolo pawo n'kuika wotchi pamwamba pa makoko. Iwo anaiyang'ana, anamuyang'ana iye, n'kupitiriza kusenda.

"Mkazi wako ali ndi maso," anatero. "Bambo ako anaivala zaka zonsezi osaona."

"Amayi, munkasoka ndinu?"

"Lamba aliyense watsopano. Akapita kosamba, ine ndi singano. Ndinayamba uli ndi zaka zisanu, atakuthyola dzino lija."

Ayarik anayang'ana wotchi ija. Anati ndiye kuti nthawi yonse imene ankaseketsa bambo ake, inali nthawi imene amayi anamusokera. Anafuna kuthokoza, koma amayi ake anaponya khoko la mtedza pachifuwa pake.

"Kuseketsa? Ndani anakutuma kuseketsa? Ine ndinkasoka kuti upeze nthawi yothawa. Khomo linali pompo, lotsegula. Ndinkaima pakona kuti akuyang'ane ine, iwe utuluke. Koma iwe ndi mutu wako woumawo, m'malo mothawa unkabwera kudzaima pakati n'kuyamba kulira ngati nkhanga."

"Ndikanathawa n'kukusiyani?"

"Unali mwana. Kundisiya inali ntchito yako." Manja awo anasiya mtedza. "Ndinkafuna kukuuza kuti uzithawa, koma ndinkaopa kuti ukadziwa za ulusi, tsiku lina uwunena. Komanso masiku amene unkawaseketsa, ine ndinkagona thupi lili bwino, ndipo ndinayamba kuwayembekezera masiku amenewo. Ndinakusiya ugwire ntchito ya munthu wamkulu. Chimenechi chimandipweteka mpaka lero."

Apa Ayarik anafunsa chimene anachisunga zaka khumi ndi ziwiri. Anati anamva kuti pulogalamu yake ikayamba iwo amapita kumjigo, ndipo amadziwa kuti anawalakwira potenga za m'nyumba n'kukaziyanika pamaso pa dziko. Anapempha kuti amukhululukire. Amayi ake anamuyang'ana momwe amayang'anira munthu amene wagula mbuzi yodwala dzuwa likuswa mtengo.

"Za m'nyumba ziti? Khoma la ku Tamale linali la malata, mzere wonse unkamva. Iwe unangonena mokweza zomwe anthu ankanamizira kuti sakumva. Mkazi wa Agalga anabwera kuno tsiku lina n'kundiuza kuti mwamuna wake anakweza dzanja, ana onse anati tiyeni tikambirane, iye anachita manyazi n'kutuluka panja. Ndinaphika nkhuku tsiku limenelo."

"Nanga kumjigo?"

"Anthu akamvetsera wailesi ija amamva Kopolo. Ine Kopolo sindimumva. Ndimamva kamwana kanga kakuthamanga ndi mawu, kakupuma mwabefu, kakuopa kuti nthawi ithe. Wakula, wamera imvi, koma liwiro ndi lomwe lija. Ndingakhale pansi n'kumamvetsera zimenezo? Kukwiya ndinakwiya, mwana wanga, koma osati ndi iwe."

Ayarik analira, ndipo sanabise. Amayi ake anamusiya alire, kenako anamukankhira lichero kuti manja asangokhala, misozi siletsa kusenda mtedza. Anasenda limodzi kwa kanthawi. Nkhanga za malemu zinalowa m'bwalo kufuna makoko, ndipo a Awenlie anaziwerenga ndi chala chapansipansi, n'kupeza kuti zonse zilipo. Araba anasuzumira pakhomo, anaona, n'kubwerera.

"Ukudziwa," anatero amayi ake, "nkhanga yako ija anthu amaitama, koma ine sindinaionepo. Nthawi zonse ukamaichita maso anga ankakhala pa lamba. Dzana pabwalo paja ndinaona matako okha."

Ayarik anaseka m'misozi momwemo.

"Ichite ndiione. Koma pang'onopang'ono. Palibe akukuthamangitsa."

Anaimirira, anasasa makoko pathalauza, ndipo anaima kaye osadziwa poyambira, chifukwa nthabwala yopanda liwiro anali asanaipangepo. Kenako anapinda khosi. Nkhanga inatuluka m'nyumba ya Insipekita, inaima pakhonde, inayang'ana kumwamba ngati kugwa mvula, inabwerera kukatenga ambulera. Inapereka moni kwa mkazi wa Sajeni ndi mlomo wokha, kwa mkazi wa Kopolo inangogwedeza nthenga. Inalumpha chithaphwi, inakonza duku, inaima kufunsa mtengo wa tomato amene sinkafuna kugula. Amayi ake anayamba ndi kumwetulira, kenako mapewa anayamba kugwedezeka, kenako anaika lichero pansi n'kugwira m'nthiti, akunena kuti mayi ameneyo analidi choncho, Mulungu amukhululukire, analidi choncho. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kukweza dzanja kuti adikire kaye apume.

Ayarik anadikira, khosi lili chopinda, mwendo umodzi uli m'mwamba. Amayi ake atapuma anamuuza kuti apitirize, ndipo anapitiriza. Nkhanga ija inali isanafike n'komwe pachipata cha tchalitchi pamene Araba anabwera kudzafunsa za basi ya m'mawa, ndipo a Awenlie anamuuza kuti akhale pansi, za basi akamba mawa.